Mbuzi za Bambo a Sekela

Lamulungu, 9 Juni

Nkhungu tsiku lonse. Zochapa za dzana sizinaumebe. Tukuyu m'Juni, ngakhale galu safuna kutuluka.

Mawa ndikuyamba maphunziro aja kuchipatala. Sabata yathunthu. Anamwino ndi madokotala aang'ono a m'zipatala zakumidzi, ine kutsogolo ndi choko. Mutu wake: matiki. Mabuku amatero, kwathu kuno dzina kulibe. Kuphethiraphethira, kukoka phewa, kugwedeza mutu, kukhosomola chifuwa palibe. Thupi kuchita zake mwiniwake asanalitume. Ndapempha akuluakulu zaka ndi zaka kuti ndiphunzitse zimenezi, chifukwa ana ambiri otere akumwetsedwa mapilitsi a khunyu. Alola tsopano. Ndinkayesa ndidzavina.

Sindikuvina. Pa chakudya chamadzulo mwana wanga Sekela wangoti, "Amayi, azakhali ake a Ipyana akhalanso m'kalasi mwanu."

A Sisitala Kisa. Namwino wamkulu, anayamba ntchito ine ndili pasukulu. Mlongo wawo wa a Mwakalobo, bambo ake a Ipyana, chibwenzi cha Sekela. Mwezi watha anabwera nawo pakhomo pano kudzafunsira Sekela. Zonse zinayenda bwino, mpunga wa ku Kyela, nkhuku, mapemphero. Bambo a Sekela anamanga mbuzi zawo masana onse. M'nyumba muno matiki awo timawatcha choncho, anayambitsa ndi eni ake: pagulu amazimanga, kunyumba amazimasula. Koma poperekeza alendo, pa geti penipeni, chingwe chinaduka. Mutu, phewa, kaphokoso ka kukhosi kaja. A Sisitala anacheuka n'kuona.

Posakhalitsa ankhoswe anabwera ndi nkhope yakugwa. Za ng'ombe za malowolo zayamba zaima. Akuchimuna akufuna afufuze kaye mtundu wathu, monga amachitira aliyense: misala, khate, khunyu. "Akuti kwanu kuno kuli khunyu, ndipo wanena ndi munthu wa chipatala." Kwa a Mwakalobo zimene anena a Sisitala ndi zomwezo. Akati khunyu, ukwati watha.

Sekela amamukonda mnyamatayo. Inenso ndimamukonda, ngakhale amadya ngati wangotuluka kundende.

Khoswe wakhala pa mkhate. Ndikonze zophunzitsa.

Lolemba, 10 Juni

Mpando wakutsogolo, pakati penipeni. Juzi yoyera, chikwama pamiyendo, magalasi pansonga ya mphuno. Tinapatsana moni wa manja awiri ngati sitinadyerepo limodzi. "Mwadzuka bwanji, aphunzitsi?" Mawu oti aphunzitsiwo anawatchula ngati akulawa mchere m'ndiwo.

Ndinayamba ndi funso. Mayi wabwera ndi mwana wa sitandade 2, akuphethira kosalekeza, akugwedeza mutu, miyezi ingapo tsopano. Mumatani? Mayankho ake, Ambuye. Mankhwala a m'maso. Mankhwala a njoka za m'mimba. Angapo: feno, mapilitsi a khunyu aja, tiyambe pang'ono tione. Mmodzi ananena chilungamo, amawauza apite kwa abusa. Gwamaka, dokotala wamng'ono wa ku Masoko, tsitsi losaonana ndi chipeso, anati, "Mbama imodzi, aphunzitsi, osavutika n'kulemba khadi." Kalasi yonse kuseka. Ine ayi.

Masana kanema. Ana akunja, zipinda zokongola, zidole mbwee. Ndinalakwitsa kusankha. Gwamaka yemweyo: "Awa ndi matenda a ana okhuta. Kwathu khasu limachiza." Ndinazimitsa kanemayo asanafike pakati. Ndinawauza kuti okhuta ndi iwowo, okhuta mandasi a maphunziro, pomwe ana omwe akuwamwetsa feno akugona pa madesiki. Mawu anakwera kuposa mmene ndinkafunira. Wina kumbuyo anafunsa ngati alawansi ibwera mawa kapena Lachisanu, nkhani n'kuthera pomwepo.

A Sisitala sanaseke. Analemba tsamba ndi tsamba. Kulemba kwawoko kukundiopsa kuposa kuseka kwa anawa.

Kunyumba ndapeza bambo a Sekela atatseka kale babashopu, atatereka madzi a mapazi anga. Mbuzi zonse panja, phewa likudumpha, iwo akung'ung'udza nyimbo ya kwaya. "Zayenda bwanji, apulofesa?" Ndati bwino. Ati, "Bodza lanu limayambira pa nsidze." Zaka zonsezi, munthu ameneyu sindinamunamizepo n'kupambana.

Lachiwiri, 11 Juni

Lero bwinoko. Kusiyanitsa matiki ndi khunyu. Wa matiki sakomoka. Amamva, amayankha, amakumbukira zonse. Amachimva chinthucho chikubwera, ngati kuyetsemula. Atha kuchigwira kanthawi, koma chikamadzatuluka chimabwera ndi anzake. Zimakula akatopa, akakhala ndi nkhawa, ngakhale akasangalala. Zimachepa akaika mtima pa ntchito. Zimasintha, chaka chino maso, chaka chamawa mphuno. Otukwana aja a m'makanema alipo, koma ndi ochepa.

Kenako ndinati aliyense atong'ole maso, osaphethira mpaka nditanena. Anthu akuluakulu, makolo a ana, maso psuu, misozi chuchuchu. Gwamaka anagonja woyamba. Omaliza a Sisitala, misozi mpaka pachibwano, khosi gwa. Nditati basi, onse kuphethira kambirimbiri. Ndinati umu ndi mmene mwana amamvera mukamuuza kuti asiye.

Kenako dzanja lawo m'mwamba. "Aphunzitsi, khunyu si kugwa kokha. Ine ndaonapo munthu dzanja limodzi likugwedezeka, ali chiimire, akuyankhula." Zoona. Ndinavomera pamaso pa onse kuti ndi zoona. Mayiwa ntchito amaidziwa, n'chifukwa chake akundisowetsa mtendere. Akanakhala mbuli bwenzi zili zophweka. Anapitiriza: "Ife tinaphunzirira pa bedi la wodwala, osati pa khoma. Tibweretsereni munthu timuone." Kalasi yonse inavomereza.

Ana a ku kiliniki yanga alipo, koma mwana wa mnzanga sindingamuike kutsogolo kwa gulu ngati thumba la mbatata pamsika. Ndinati ndiona.

Kunyumba sindinanene kanthu. Wanena ndi Sekela. Nkhani za m'kalasi mwanga zikumufika kudzera kwa Ipyana ndisanavule n'komwe nsapato. Bambo ake anamvetsera akunola lumo. Ndinawadziwira pa lumo lomwelo, akumeta odwala kuchipatala ine ndili wophunzira. Mutu ukugwedezeka akamayenda pakati pa mabedi, koma lumo likangokhudza khungu la munthu, thupi lonse phee. Mpaka lero sanachekepo munthu. Ali mwana anawalemba khunyu. Mbale yawoyawo, kapu yawoyawo, mphasa yawo pakona. Mapilitsi aja ankawagonetsa m'kalasi mpaka anawasiyitsa sukulu. Sakonda kukamba zimenezo. Pagulu sanamasulepo dala, ngakhale pa maliro a mayi awo.

Ati, "Jekete yanga ya bulawuni ija ili kuti?" Ndati ayi, sindinakupempheni. Ati, "Simunandipemphedi. Koma mwana wanga asakalambire pakhomo chifukwa cha phewa langa." Ndakana kawiri. Kachitatu ndasita jekete.

Lachitatu, 12 Juni

Ndilembe mwadongosolo, mutu ukuzungulira.

Anafika atapesa, nsapato zikuwala, akununkhira sopo wometera. Ndinawauza ophunzira kuti awa ndi a Angetile, amuna anga, abwera mwa kufuna kwawo. Palibe anadabwa. Ku Tukuyu ndani sanametedwepo ndi iwo.

Tinachita monga timachitira nthawi zonse ndi wodwala wophunzirirapo. Mpando umodzi pakati, ena onse mozungulira, makope m'manja, maso onse pa munthu mmodzi. "Tiwonetseni, bambo, mmene zimachitikira." Dzulo lomweli ndawaphunzitsa ndekha kuti wa matiki amazibisa pamaso pa dokotala. Lero mpandowo ndauika ndekha. Chizolowezi cha ntchito, manja anachita mutu usanaganize.

Palibe chinachitika. Munthu anakhala ngati chithunzi cha pa chiphaso. Ine ndinkaona mtsempha wa m'khosi utatupa, zala zitakanirira pa mawondo, thukuta ndi kuzizira konseku. Iwo ankaona bambo waulemu wa jekete. Ankafuna kumasula, ndikudziwa, anabwerera zimenezo. Koma thupi limene laphunzira kubisa kuyambira ku ubwana silingaiwale m'mawa umodzi. Gwamaka anawagogoda mawondo ndi kanyundo, anawaunika m'maso, anawayendetsa pa mzere. "Bambowa ndi athanzi kuposa ine, aphunzitsi. Mwina angondimeta basi." A Sisitala, mofatsa: "Wa khunyu nayenso amaoneka chonchi pakati pa kugwa ndi kugwa." Ndinafuna kuwagenda ndi chofufutira.

Nthawi ya tiyi. Bambo a Sekela anapepesa n'kutuluka mwachangu, kulowera kuseri kwa thanki ya madzi. Ndinkadziwa chimene akukachita. Pa windo ndinaona a Sisitala akuika kapu pansi n'kuwatsatira. Ine ndinatsalira pa windo pomwepo.

Zonse zomwe anasunga m'mawa wonse zinatulukira pamodzi. Mutu, mapewa onse awiri, kukhosi, ngakhale kupondaponda kwa mwendo kumene ndinakuona komaliza Sekela ali khanda. A Sisitala anataya chikwama m'matope, chikwama chomwe sachisiya n'kuchimbudzi komwe. Anavula juzi n'kuipinda kuti ikhale pilo, n'kuwagwira kuti awagoneke cham'mbali. Namwino ndi namwino. Windo linali lotsegula, mawu a bambo a Sekela ndinawamva bwinobwino. "Pepani amayi, musadetse juzi. Ndikukumvani, sindigwa. Kaya adzuka bwanji a Mwakalobo kunyumba?" Moni wathunthu, mutu ukupita uku ndi uku.

Anawasiya pang'onopang'ono. Anafunsa kuti lero ndi lachingati, anayankha. Munamva chiyani zisanayambe? Ati kuyabwa m'kati mwa khosi, kosakandika. Mungaziimitse panopa? Anaziimitsa, a Sisitala akuyang'ana wotchi ya pachifuwa. "Chabwino, zisiyeni." Zinabwerera. Kenako anakhala pansi onse awiri pa simenti ya thanki, ine n'kubwerera kwa ophunzira. Tiyi wawo anazizirira pa tebulo.

Zimene anakambirana sindikuzidziwa. Madzulo ndafunsa. "Amayi aja amafunsa ngati apolisi, koma m'manja mwawo ndi mofunda." Agona msanga, khosi likuwawa. Ndawathowa ndi madzi otentha mpaka ayamba mkonono. Ndimawakonda bambo amenewa, ndipo lero ndawazunza.

Lachinayi, 13 Juni

Tsiku la chithandizo. Mankhwala oyamba ndi kufotokoza: kwa mwana, kwa makolo, kwa aphunzitsi ake. Si ufiti, si mwano, si khunyu, sizipatsirana. Osamukalipira, osamuyang'anitsitsa. Ambiri zimachepa akamakula. Wosinkhukirapo mungamuphunzitse kuzindikira kuyabwa kuja n'kuchita china chotsutsana nacho, monga kukanikiza chigongono m'nthiti phewa likafuna kukwera. Mapilitsi pokhapokha zikumupweteka kapena zikumulepheretsa sukulu, ndipo mumutumize kuno kaye. Amene munawayambitsa kale feno musawasiyitse mwadzidzidzi. Mwana amene wayamba kugwedezeka atangodwala zilonda zapakhosi, mumupime mtima, imeneyo ndi nkhani ina. Makolo ajambule pa foni kunyumba akuonetseni. Ndipo musamuike pa mpando wa pakati ngati mmene ndinachitira ine dzulo. Mupatseni pepala azijambula, inu muzicheza ndi mayi ake, diso la m'mbali lili pa iye.

Ankamvetsera. Ngakhale Gwamaka ankalemba. Ndinayamba kumva kukoma.

Dzanja lija. "Aphunzitsi, ndavomera, si khunyu. Funso langa ndi limodzi. Kodi zimayenda m'magazi?"

M'kalasi monse panalibe wosadziwa chimene chikufunsidwa. Wina anagwetsa cholembera, osachitola. Ndikanatha kunena kuti akatswiri akufufuzabe, si bodza lenileni. Ndinakumbukira Sekela akudziyesa nsalu ya diresi pa galasi. Koma anthuwa akubwerera kumidzi kukayankha amayi ena funso lomweli, ndipo akayankha zimene ndawauza ine.

Ndinati inde. Kawirikawiri zimayenda m'banja. Osati mwana aliyense, anyamata kuposa atsikana, ndipo kwa ambiri zimakhala zazing'ono moti palibe amazitcha matenda. A Sisitala analemba. Anatseka kope. Ndinawapatsa onse ntchito ya kunyumba: mukayang'ane kwanu, kutchalitchi, pamsika, ndi diso la m'mbali, mukawapeza.

Nkhani inafika kunyumba ine ndisanafike. Sekela maso ofiira. "Mukanangoti simukudziwa, amayi. Kamodzi kokha. Mukanafa?" Bambo ake pakhonde, wailesi osayatsa. Anadzizunza dzulo kuti atichotsere chitonzo chimodzi, ine lero ndapereka china ndi manja anga. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo ndavumbwa.

Sekela sanadye. Ndamusiyira chambiko ndi peyala pakhomo la chipinda chake.

Lachisanu, 14 Juni

Kutseka. Masatifiketi, chithunzi pa masitepe, alawansi yafika, nkhope zonse zowala. Gwamaka wandikokera pambali. Kuli kamtsikana kwawoko, wakhala akukamwetsa feno, kusukulu akuti kamangogona. Akabweretsa Lachiwiri. "Ndibwera nditameta, aphunzitsi, musandithamangitse." Mwana ameneyu adzakhala dokotala wabwino, pakamwa pokhapo ndi pofunika bandeji.

A Sisitala: manja awiri, "Zikomo aphunzitsi, taphunzira." Basi. Anakwera njinga yamoto, chikwama cha matope chija pamiyendo. Ndinawayang'ana mpaka pokhota, osatolapo kanthu.

Peyala lija ndalipeza pomwe ndinalisiya. Sekela akundiyankha ndi mawu amodziamodzi.

Lamulungu, 16 Juni

Kutchalitchi amayi akundipatsa moni wa pa maliro. Nkhani yakula m'njira. Akuti bambo a Sekela anagwa kuchipatala, thovu kukamwa, ndipo a Sisitala ndi amene anawatsitsimutsa. Wandiuza ndi mayi yemwe tsiku limenelo anali ku Mbeya. Kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndinamuyankha mawu omwe sayenera kunenedwa pa bwalo la tchalitchi.

Bambo a Sekela anaimba m'kwaya monga mwa masiku onse, mzere wakumbuyo. Akamaimba mbuzi zimagona. Ndinawayang'ana nyimbo yonse ngati kamtsikana.

Telala wandipeza panja, akufunsa ngati adule nsalu ya diresi. Ndati adikire. Nsalu ikangodulidwa sibwezedwa kusitolo.

Lachiwiri, 18 Juni

Kwa a Mwakalobo ziii. Ipyana akuti akuluakulu adzakumana Lachinayi, iye sanaitanidwe. Akutinso azakhali ake akugona komweko kuyambira Loweruka. Sakunena kanthu, akungokhala pakhonde ndi zoluka zawo.

Kamtsikana ka Gwamaka kabwera ndi mayi ake. Matiki, osakayikitsa. Tayamba kuchepetsa feno pang'onopang'ono. Mayiyo anafunsa kawiri ngati mwana angayambenso kudya m'mbale imodzi ndi azing'ono ake. Gwamaka anametadi. Ngakhale ukwati utatha, sabata ija sinapite pachabe. Ndalemba choncho, koma mtima sukuvomera.

Mbuzi za bambo a Sekela zachuluka, tulo sakupeza. Dzulo ndinawamva akumuuza Sekela kuti ukwati ukakhalapo iwo atha kutsala kunyumba, abambo ake aang'ono amuperekeze kutchalitchi. Sekela: "Ababa, mukapanda kundigwira dzanja inuyo, Ipyana akakwatire ng'ombe zakezo." Kenako analowa kukhitchini, anatenga mpeni wina, n'kuyamba kusenda nthochi pambali panga. Sanapepese, inenso sindinapepese. Tasenda zambiri kuposa zofunika.

Loweruka, 22 Juni

Nkhungu itangoyamba kuchoka, galimoto ya a Mwakalobo yaima pamsewu, kutsogolo kwa babashopu. Popanda ankhoswe, popanda uthenga. Ine ndili m'chitenje cha kukhitchini. A Sisitala anatsika n'kundikokera kuseri kwa nyumba.

"Aphunzitsi, ndabweretsa ntchito ya kunyumba ija." Achimwene awo. Sabata yonse akhala akuwayang'ana kuseri kwa zoluka. Kufwenthera, kenako kutambasula khosi ngati kolala yathina. Kuyambira ali anyamata. Kwawo ankati ndi chimfine. Atayamba uphunzitsi anati ndi fumbi la choko, atapuma anati ndi ukalamba. "Ndipo ine ndi amene ndakhala ndikuwatumizira mapilitsi a chimfine, ndi manja anga awa." Pa msonkhano wa Lachinayi anaimirira n'kunena zonse: si khunyu, inde zimayenda m'magazi, ndipo achimwene, mphuno yanuyo si chimfine. Msonkhano unathera m'phokoso. Lero a Mwakalobo abwera kudzatsutsa, akuti dokotalayo awaone ndi maso ake. "Koma pa mpando wa pakati ayi. Ndawauza ayambe ameta."

Ndinakhala pakona ya babashopu ndi lichero la nyemba, a Sisitala pambali panga, ngati tikucheza za mtengo wa fetereza. A Mwakalobo pa mpando wometera, nsalu m'khosi, nkhope ya ahedi. Duu. Mtsempha utatupa, zala zitakanirira pa mawondo. Ine ndinazindikira, koma anayamba kuzindikira ndi bambo a Sekela, pa galasi. Anaika lumo pansi. Anawerama n'kunena chapansipansi, "Kumayabwa m'kati, eti bambo? Kosakandika." A Mwakalobo anawayang'ana nthawi yaitali pa galasipo. Kenako anafwenthera, khosi n'kutambasuka, n'kubwerezanso. Bambo a Sekela nawo phewa linakwera. "Amayi, tatulukani kaye," anatero a Mwakalobo. Tinatuluka ndi nyemba zathu.

Tinaphika, tinadya ndi a Sisitala ndi Sekela, chitseko cha babashopu chili chitsekere. Odzameta ankagogoda n'kubwerera. M'katimo kufwenthera, kukhosi, kuyankhula kwa pansipansi, kenako kuseka kwa amuna awiri akuluakulu. A Sisitala sanandifunse n'komwe kuti ndapeza chiyani. Anangopempha tsabola.

A Mwakalobo anatuluka mutu ukuwala. Ali pa galimoto anati, "Asewere, ng'ombe zibwera Loweruka likubwerali. Mdzukulu akadzayamba zake, tidzakangana kuti watengera ndani." Sekela anathawira kuseri kwa nthochi ndi foni.

Nditabwerera ndinawapeza bambo a Sekela atakhala pa mpando wometera okhaokha, tsitsi likadali pansi osasesa. Sanandiyang'ane. Ati, "Munkandiuza kuti tilipo ambiri, amayi a Sekela. Ine ndinkayesa mukungondikonda."